Palibe anatiitana pageti

Moni kwa omvera nonse. Ndili ku Perth, m'dziko la Australia, ndimagulitsa masipeyala a galimoto m'dera la Welshpool. Kunenerera ndiye ndimakudziwa. Wogulitsa akakana mtengo wanga, ndimatembenuka n'kumapita, ndipo amandiitana ndisanafike patali.

Mwana wanga wamkazi amakonda mpikisano wa galimoto, uja wothamanga ziwiriziwiri pamsewu woongoka. Ndinamugulira kagalimoto ka ana kakale, kali ndi sitika yosonyeza kuti kanayesedwa. Tsiku lake loyamba kupikisana, bambo woyendera galimoto pabwalo la mpikisano anapukusa mutu. Anati sitikayo ndi ya bungwe loyendetsa mipikisano limene eni bwalo anasiyana nalo, pano akutsatira malamulo a bungwe lina.

"Bwana, kodi mabuleki amadziwa bungwe?" ndinafunsa. Sanaseke.

Ndiye ndinatulutsa luso langa lija. Ndinagwira mwana padzanja, ulendo wa kugeti, khutu lili kumbuyo. Tinafika pageti, kuli zii.

"Adadi, tikudikira ndani?" anafunsa m'Chingerezi, helemeti ili m'manja, misozi ikulengeza.

Ndinabwerera manyazi atandigwira, n'kufunsa bambo aja chomwe chinalekanitsa bwalolo ndi bungwe lakale. Anati eni bwalo anaopseza kuti achoka, abungwe sanawaitane, ndipo mpaka lero aliyense akudikira mnzake. Kani tilipo ambiri!

Mwanayo tsikulo anangoonera anzake kuseri kwa mpanda. Kagalimoto tinakayezetsanso, koma ndimadzifunsabe kuti mwa akuluakulu aja, adzayambe kucheuka ndani.

Masiku ano ndikangoyamba kunenerera, mwanayo amakhala pansi n'kuti, "Pitani adadi, mundipeza pompano."