Manja Amene Anagwira Chisoti Changa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, a kuno ku Glasgow ndi a kumudzi amene mudzawerenge izi pa foni, mtendere ukhale nanu. Ambiri a inu munandiona m'tchalitchi chaka chatha nditavala chomangira khosi cholimba, dzanja lamanja lili pachifuwa, ndipo munamva kuti ndinagwa pa njinga yamoto. Zimenezo n'zoona, koma si nkhani yonse. Fupa la m'khosi linang'aluka, dzanja linasiya kugwira, ndipo kwa masabata ambiri sindinkadziwa ngati ndidzabwereranso ku ntchito yanga ya uinjiniya. Ndikulemba kuti ndifotokoze mmene ndinapulumukira, komanso kuti ndivomereze poyera kuti munthu amene Mulungu anamugwiritsa ntchito ndinayamba ndamuda.

Ndiyambe ndi njingazo, chifukwa sindikufuna kuti umboni uwu umveke ngati ndikuzinyoza. Njinga yamoto ya liwiro ndi chimodzi mwa zinthu zokongola kwambiri zimene nzeru za munthu zinapangapo. Palibe chitsulo chimene chinaikidwapo popanda chifukwa, ndipo chilichonse chosafunika anachichotsa. Ine amene ntchito yanga ndi kuyeza mmene zitsulo zimapiririra kulemera ndi kunjenjemera, ndikaiona ndimamva ulemu umene ena amamva akamamvetsera kwaya yoimba bwino.

Kwa miyezi inayi ndinkayerekeza njinga ziwiri. Yoyamba inali ya ku Japan, ya masilinda anayi, injini yaikulu. Ikamayenda pang'onopang'ono inkamveka yofatsa, koma ukaiwonjezera moto inkalira mokweza ngati ikung'amba mpweya, ndipo mphamvu zake zinkabwera zonse pamodzi kumapeto. Yachiwiri inali ya masilinda awiri, injini yocheperako, thupi lopepuka. Iyi inkapereka mphamvu zake msanga ndiponso mwadongosolo, ndipo pa kona inkapendekeka mosakakamiza, ngati yadziwiratu kumene ukufuna kupita. Ndinazikwera zonse ziwiri poyesa. Ndinalemba kulemera kwa iliyonse, kutalika kwake, mtundu wa mabuleki ndi mmene wokwera amakhalira. Zonse zimene ndinalemba zinkaloza ku yaing'onoyo, ndipo wogulitsa nayenso anandiuza mosabisa kuti munthu wongoyamba kumene pa bwalo la mpikisano amaphunzira zambiri pa njinga imene saiopa. Ndinamuthokoza, n'kutenga yaikulu. Mfundo zonse ndinali nazo papepala, koma mtima unali utasankha kale ndi khutu.

A Gondwe, mkulu wa mpingo wathu, ataiona itaimikidwa panja pa nyumba yathu ku Dennistoun anaizungulira kawiri, manja ali kumbuyo.

"Ndiye a injiniya, mwawoloka nyanja zonsezi kuti mudzayambe kabaza?" anatero. "Nanga wokwera kumbuyo azikhala pati, pa kathabwa aka?"

Tinaseka tonse. Akazi anga, mayi a Tadala, sanaseke.

Pali bwalo lina la mpikisano m'mapiri, ulendo wa ola limodzi kuchokera kuno, limene masiku ena limatsegulidwa kwa anthu wamba. Sipakhala mpikisano weniweni. Okwera amagawidwa m'magulu malinga ndi luso lawo, ndipo gulu lililonse limalowa nthawi yake. M'mawa wa tsiku limene ndinapitako koyamba, mayi a Tadala anandiimitsa m'khichini nditavala kale zovala zachikopa, nati tipemphere. Pemphero lawo linali lalifupi ndipo linandikwiyitsa. Anati: "Ambuye, bambo awa mukuwadziwa, samvera munthu. Pamene akakanire kumva, muwatumizire wina wowaposa mphamvu." Ndinayankha ameni wa pakamwa chabe.

Pa bwalopo zonse zinali za dongosolo lochititsa chidwi. Oyang'anira bwalo anayendera njinga iliyonse, natiuza kuti timate magalasi oonera kumbuyo, popeza pa bwalo ntchito ya wokwera ndi kuyang'ana kutsogolo. Kenaka mlangizi anatisonkhanitsa n'kutipatsa malamulo. Awiri ndimawakumbukira bwino chifukwa onse ndinawaswa. Loyamba linali lakuti matayala ozizira sagwira phula, choncho maulendo awiri oyamba ozungulira bwalo ndi owatenthetsa basi. Lachiwiri linali lakuti ukagwa usadzuke ndipo usavule chisoti, dikira amashalo. Amashalo ndi anthu odzipereka, ovala maovolosi a mtundu wa lalanje, amene amaima pa kona iliyonse ndi mbendera, osalandira malipiro, mvula kaya mphepo.

Tisanalowe ndinaima pa mpanda kuonerera gulu la akatswiri. Abale, chimenechi ndi chinthu choyenera kuchiona kamodzi m'moyo. Munthu amabwera ngati muvi, amagwira mabuleki pa malo omwewomwewo ulendo uliwonse, amapendeka njinga mpaka bondo kukhula phula, n'kuidzutsanso mofatsa ngati akunyamula mwana wogona. Palibe kulimbana. Amene amathamanga kwambiri ndi amene amaoneka ngati sakufulumira.

Nthawi yathu itakwana, kunja kunali kukuzizirabe, phula lili lotuwa. Ulendo woyamba ndinayenda mwaulemu. Pa ulendo wachiwiri, pa kona ina yotsetsereka yokhotera kumanja, munthu wina anandidutsa chakunja mosavutika n'komwe. Anali pa njinga yaing'ono ya masilinda awiri, mtundu womwe uja ndinaukana. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti matayala anga sanatenthe. Ndikanatha kukufotokozerani chifukwa chake ndi masamu. Komabe dzanja langa linapotokola chogwirira cha moto njinga ikadali yopendekeka. Tayala lakumbuyo linaterereka, kenaka linagwiranso phula mwadzidzidzi, ndipo njinga inandiponya m'mwamba. Ndinatera ndi mutu ndi phewa pa timiyala timene amathira kunja kwa kona.

Chimene ndinafuna koyamba chinali kudzuka. Manyazi anali aakulu kuposa ululu. Mpweya unkandithera m'chisotimo, ndipo dzanja lamanzere linali litafika kale pa lamba wa pachibwano pamene manja awiri anagwira chisoti changa mbali zonse ziwiri n'kuchikanikiza pansi. Anali mayi wina wachizungu, wamfupi, wa imvi, amene anagwada kumutu kwanga mawondo ake atapana mapewa anga. Ankalankhula Chingerezi cha kuno chija chimene ngakhale patapita zaka chimafunabe kutchera khutu.

"Usagwedezeke, mwana wanga. Dzina langa ndine Moira, ndipo mutu uwu ndi wanga mpaka ambulansi ifike."

Ndinamuuza kuti ndili bwino. Ndinamuuza kuti ndine injiniya, ngati kuti zimenezo zinali ndi ntchito. Kenaka Chingerezi chinandithera ndipo ndinayamba kukuwa m'Chichewa kuti andisiye. Iye sanasunthe. Sindikudziwa kuti zinatenga mphindi zingati, koma ndikukumbukira kuzizira kwa miyala kukulowa kumsana, ndi manja aja amene sananjenjemere ngakhale pang'ono. Chisoti anadzachivula a ambulansi, anthu awiri, mmodzi atagwira khosi.

Ku chipatala anandiuza kuti fupa limodzi la m'khosi lang'aluka, ndipo ndiyenera kuvala chomangira kwa miyezi itatu. Zimenezo ndinazilandira. Chimene chinandigwetsa mphwayi chinali dzanja lamanja. Zala zinkangolendewera. Sindinkatha kugwira cholembera, kumanga batani la malaya, ngakhale kutsegula chitseko. Madokotala ankangoti tidikire. Ine amene ndinazolowera kuti funso lililonse lili ndi muyeso wake, ndinapatsidwa yankho lopanda nambala.

Timakhala pa nsanjika yachitatu, ndipo masabata oyambirira masitepe ake anasanduka malire a dziko langa. Mayi a Tadala ankandisambitsa asanapite ku ntchito, osanenapo ngakhale kamodzi kuti ndinakuuzani. Kukhala chete kwawoko kunkandilemera kuposa mawu. Ndinasiya kupemphera. Sindinakane Mulungu, koma ndinkamuona ngati munthu amene anaona zonse n'kupinda manja.

Munthu wonyada akagwa amafunafuna woti amuloze chala, ndipo ine ndinamupeza. Ndinadzitsimikizira kuti dzanja langa linafa chifukwa mayi uja anandipana mapewa pa miyala yozizira nthawi yaitali. Ndi dzanja lamanzere, chilembo chimodzichimodzi, ndinalemba kalata yodandaula yopita kwa oyang'anira bwalo. Inali kalata yolembedwa bwino, ya ndime zisanu ndi ziwiri, iliyonse ndi mfundo yake. Chimene chinatsala chinali umboni wa dokotala.

Tsiku lokaonedwanso ndinatenga kalatayo. Dokotala wa mafupa a msana anaiwerenga yonse osandidula, n'kuiika pa tebulo. Kenaka anatembenuzira kompyuta kwa ine nandionetsa chithunzi cha khosi langa cha tsiku la ngozi, chimene ndinali ndisanachiyang'anepo. Analoza mng'alu uja, nalozanso kachidutswa ka fupa kamene kanali katasunthira m'kati. Pafupi pake panali mtsempha waukulu umene umanyamula mauthenga onse ochokera ku ubongo kupita ku thupi. Mpata wa pakati pake unali ngati kukhuthala kwa chikhadabo.

"Ntchito yanu ndi ya zitsulo, ndiye mundiuze ndinu," anatero. "Chikanachitika n'chiyani mukanakoka chisoti cholimba chija kudutsa pamenepa, kapena mukanadzuka n'kutembenuka kuyang'ana njinga yanu?"

Sindinafunike kuuzidwa. Ndinayang'ana miyendo yanga imene inandikweza masitepe a chipatalacho m'mawa umenewo. Dokotalayo anawonjezera kuti dzanja linavulala pa kugwa komweko, pamene phewa linakokeka n'kutamula mitsempha, ndipo mitsempha yotere imachira pang'onopang'ono. Pomaliza anandibwezera kalata ija.

"Mayi ameneyu mukamupeza, muzimugulira tiyi mpaka kalekale."

Tili m'basi pobwerera ndi mayi a Tadala, pemphero la m'khichini lija linandibwerera liwu ndi liwu. Wina wowaposa mphamvu. Ine ndinkayembekeza kuti Mulungu akafuna kundipulumutsa agwira tayala kuti lisaterereke. Iye anasiya malamulo a phula ndi mphira kuti agwire ntchito yake monga anawaikira, koma pa kona imeneyo anali ataimikapo kale munthu wodziwa chinthu chimodzi ndi wosagonja pa chinthucho. Yankho linafika ndisanadziwe kuti ndili pa vuto, ndipo ndinatha miyezi iwiri ndikulilembera kalata yolidandaula. Ndinauza mayi a Tadala zimenezi.

"Ine ndinkaganiza kuti atumiza chimphona," anatero.

Dzanja linayamba kubwerera mwakachetechete. Choyamba chinali chala chachikulu, chimene chinagwedezeka m'mawa wina ndikuyesa kugwira supuni. Panatsatira miyezi ya mafizo, yofinya kampira ndi kutola mabatani pa tebulo. Lero ndikulemba izi ndi dzanja lomwelo, ndipo ndinabwerera ku ntchito. Zala ziwiri zakumapeto zimachitabe dzanzi kukazizira, ndipo kuno kumazizira kawirikawiri. Sindipempha kuti zimenezo zichoke.

Chomangira chitachoka ndinabwerera ku bwalo kuja, mayi a Tadala akuyendetsa galimoto. Tinam'peza Moira pa kona yomwe ija nthawi yopuma, akumwa tiyi wa m'fulasiki. Anandizindikira msanga.

"Ndiwe uja unanditukwana m'chilankhulo chachilendo."

Ndinamuuza kuti sindinatukwane, ndinkangoti andisiye. Iye anati onse amatero, aliyense m'chilankhulo chake. Ndinamufotokozera za chithunzi chija, ndiponso za kalata, chifukwa ndinaona kuti kuthokoza kobisa mbali imeneyo kukanakhala kwa theka. Anaseka mpaka kutsokomola. Sanalole kuti ndimutche mpulumutsi. Anati anangochita zimene anaphunzitsidwa, ndipo pa zaka zonse zimene waima pamenepo, ambiri mwa amene anawagwira mutu analibe vuto lililonse m'khosi.

"Koma sungadziwe kuti ndi uti," anatero. "Ndiye umawagwira onse."

Njinga yaikulu ija sinakonzekenso, ndipo sindinagule ina. Ndikafunsidwa lero kuti yabwino ndi iti pa ziwiri zija, ndimayankha kuti zonse ndi zabwino, koma yaing'ono imakhululukira wophunzira pamene yaikulu imachita ndendende zimene dzanja lalamula, ngakhale dzanjalo likhale lopusa. Chikondi changa pa makina amenewa sichinathe. Ndinachita maphunziro a umashalo, ndipo Loweruka lina lililonse ndimavala ovolosi ya lalanje n'kuima pa kona ndi mbendera. Palibe malo abwino oonera luso la okwera kuposa pamenepo. A Gondwe akuti ndakwezedwa pa udindo, kuchoka pa kabaza kufika pa wapolisi wa pamsewu.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandisungira miyendo ndi kundibwezera dzanja. Ndikuthokoza mayi a Tadala, ndi inu nonse amene munakwera masitepe athu aja kudzationa. Kwa inu amene muli pakati pa mayesero, ndipo mukuona ngati china chake chakupanikizani pansi pamene mukufuna kudzuka, sindikunena kuti chopinga chilichonse ndi chifundo. Ndikungoti musafulumire kuweruza musanaone chithunzi chonse, ndipo musaleke kupemphera monga ndinalekera ine. Pirirani.

Mwezi wathawu mnyamata wina wamkulu thupi anagwa pa kona yanga. Ndinafika ali kalikiliki kulimbana ndi lamba wa chisoti. Ndinagwada kumutu kwake, ndinagwira mbali zonse ziwiri ndi manja anga awiri, lamanja lomwe, ndipo ananditchula mayina amene sindingawalembe muno. Sindinamusiye mpaka ambulansi inafika.

Ulemerero ukhale kwa Mulungu. Ameni.