Tizikuwa Chiyani Goloboyi Akagwa?

Olemekezeka abusa a mipingo yathu ya Amalawi okhala kuno kunja, ku Dennistoun ndi ku Springburn. Olemekezeka wapampando wa mpikisano uno, Bambo Nedson Chisale. Olemekezeka Mayi Tusekelege Mwakikunga, mwana wa munthu amene chikhochi chatenga dzina lake. Anamwino ndi osamalira okalamba amene mwafika pano musanavule n'komwe yunifolomu. Osewera, makolo ndi ana nonse.

Ndikuthokoza kuti ulemu uwu mwaupereka kwa mwana wasukulu amene udokotala wake ukadali m'mabuku. Ndabwera ndi funso limodzi, ndipo ndikufuna liyankhidwe wezulo isanalire: goloboyi akamenyedwa m'mutu n'kugwa, ife oonerera tizikuwa chiyani?

Bambo Flywell Mwakikunga analondera golo la Mudi Rovers ku Limbe kuyambira dziko lathu lisanalandire ufulu mpaka imvi zitayamba kuwatuluka. Anthu ankawatchula kuti Chipupa. Masiku amenewo mpira unali wachikopa, wolemera ngati njerwa ukanyowa. Magolovesi kunalibe, ndipo wovulala analibe womulowa m'malo. Goloboyi ankadziponya chamutu pamapazi a mdani, ndipo akakomoka kunkathamangira munthu ndi ndowa ya madzi ozizira, bwalo lonse likuyimba kuti, "Dzuka, Chipupa, dzuka!" Iwo ankadzukadi. Anadzuka kwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo lero tawagulira chikho chifukwa cha kudzukako.

Ine ndinawadziwa chaka chatha kunyumba yosamalira okalamba ku Springburn, kumene ndimagwira ntchito Loweruka. Nditamva kuti m'chipinda chakumapeto muli Mmalawi amene sayankha aliyense, ndinasangalala poganiza kuti chimene akusowa ndi chilankhulo chakwawo. Ndinalowa, ndinagwada monga anandilerera amayi, ndipo ndinati, "Mwadzuka bwanji, agogo?"

Nkhalamba ija inadzambatuka pampando, manja atatambasuka, maso ali pakhoma.

"Ndadzuka, ndadzuka, musanditulutse!" anakuwa. "Golo lili kuti? Anyamata, golo sindikuliona!"

Anadzandira, ndipo tinawagwira anthu awiri. Mayi Tusekelege atafika anandikokera pambali. "Mwananga, mawu amenewo tinawasiya kunyumba kwathu," anatero. "Timangoti moni bambo, basi."

Taganizani, olemekezeka: moni amene timawasungira akuluakulu, moni amene timalimbana ndi ana athu obadwira kuno kuti awaphunzire, kwa bambo awa anasanduka lamulo loti abwerere pagolo mutu ukuzungulira. Madokotala sanganene motsimikiza kuti ndi bondo liti kapena nsapato iti imene inazimitsa nzeru zawo, ndipo ine sindinamizira kudziwa zimene aphunzitsi anga sadziwa. Koma ndaona munthu amene anaiwala nkhope ya mwana wake, osaiwala mantha oti anthu amutcha wofooka. Kuyambira tsiku limenelo ndimaopa.

Ndikuopa kwambiri lero. Lamulungu lapitali ku Easterhouse, achimwene anga Isaac, goloboyi wa timu ya Dennistoun, anawombedwa ndi bondo pachipumi n'kugona osagwedezeka. Ambiri a inu munalipo. Palibe anafunsa ngati akupuma bwino, chimene chinamveka ndi chakuti, "Dzuka, mwamuna iwe, kuno si kuchipatala!" Anadzuka, munaomba m'manja. M'basi pobwerera anandifunsa mobwerezabwereza ngati tinapambana. M'kati mwa sabatayi akhala akusanza, ndipo kuwala kwa foni kukuwapweteka m'maso. Nditawachonderera kuti akaonane ndi dokotala, anaseka.

"Iwe Chrissy, udokotala wakowo ukachitire kusukulu," anatero. "Chipupa ankadzuka, ine ndiye ndani?"

Ndi awo aima apo, atavala kale magolovesi, ndipo masewero oyamba ndi awo. Mutu umene sunapole ukamenyedwanso, munthu angathe kugwa osadzadzukanso, ngakhale Springburn yense atakuwa. Ndikumva kung'ung'udza kumbuyoko kuti mtsikanayu akuchititsa manyazi mlongo wake pagulu. Ndi zoona. Ndasankha kuti andikwiyire akundizindikira.

Choncho yankho la funso langa ndi ili, ndipo ndikupempha kuti likhale lamulo la chikhochi:

1. Wosewera akamenyedwa m'mutu, masewero aime, ndipo mawu okha omveka akhale oitana namwino. Anamwino tili nawo ochuluka kuposa osewera.
2. Amene wakomoka kapena kusokonezeka atuluke, asabwererenso m'bwalo mpaka dokotala atavomereza, kaya akhale kaputeni, kaya mwana wa abusa.
3. Timu iliyonse ikhale ndi goloboyi wachiwiri, kuti pasapezeke wodzuka chifukwa choopa kusiya golo lapululu.
4. Achimwene Isaac asasewere lero.

Bambo Chisale, mwandipatsa ntchito yotsegulira mpikisanowu, ndipo sindiutsegula magolovesi ajawo ali m'manja mwawo. Nthawi ilipo, mvulayi tinaizolowera.

Achimwene, musandiyang'ane choncho. A Goodwill, amene amathanso kulondera golo, ali pambali panupo, manja awo ndi aakulu mokwanira.

Eya, mwavula golovesi limodzi. Vulaninso linalo.

Zikomo, achimwene. Mukhale pafupi ndi Mayi Tusekelege, akuperekezani kuchipatala tikatha pano.

Tsopano, ndi mtima umene wayamba kukhazikika, ndikulengeza kuti mpikisano wa Chikho cha Flywell Mwakikunga watsegulidwa. Zikomo kwambiri nonse.