Kabotolo Kamodzi ka Magazi

Malemu mayi Eluby Nakayange anabadwa pa 9 Julayi 1969 kuno ku Misuku, oyamba kubadwa m'banja la ana asanu. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Blackson Kayange, mlongo wawo wowapondera pamutu. Mundikhululukire, anamalira, ngati mawu angandithere panjira.

Sukulu ya pulayimale anayamba mu 1976, ndipo sekondale anakaphunzira ku Boma. Mu 1994 anamaliza maphunziro a zoyeza magazi ku Lilongwe, nayamba ntchito m'labotale ya chipatala. Mu 1996 anamanga banja ndi aphunzitsi a Bernard Sichali, omwe anatisiya pa ngozi ya minibasi patangotha zaka zitatu. Mwana sanapatsidwe, ndipo malemu sanakwatiwenso.

Mu 2001 anapita ku South Africa kukagwira ntchito ya kafukufuku. Akabwera patchuthi ankatifotokozera moleza mtima kuti thupi la munthu linamangidwa ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso totchedwa maselo. Ankati m'mafuta a m'mafupa muli maselo ena apadera, ngati nazale ya khofi, omwe amachulukana okha n'kumabereka magazi atsopano tsiku lililonse. Ntchito yawo inali kulera maselo amenewa m'timbale tagalasi, kuti madokotala aziyesapo mankhwala asanapatse munthu, komanso kuti aphunzire kuchiza odwala omwe mafupa awo aleka kupanga magazi abwino. Ankawadyetsa ngakhale Lamulungu. Ife tinkawaseka kuti alongo athu aphunzira zaka zonsezi kuti aziweta ziweto zosaoneka, zosalira komanso zosadyedwa. Iwo ankaseka nafe.

Mu 2016 anapuma ntchito n'kubwerera kumudzi. Apa ndi pomwe kuseka kunathera. Mphekesera za anamapopa zitamveka, anthu anakumbukira kuti pakati pathu pali mayi amene moyo wake wonse wagwira ntchito ya magazi. Palibe anawaponya mwala. Tinangosiya kuwayendera. Nthawi yothyola khofi amayi analeka kuwaitana, ndipo kutchalitchi benchi lawo linkakhala ndi malo ambiri. Abale awo tinaziona, koma sitinatsegule pakamwa.

Mu Ogasiti 2021 anapezeka ndi khansa ya m'magazi. Anzawo akale a kuntchito anawatengera ku South Africa, ndipo madokotala anati chiyembekezo chilipo ngati atawaika maselo a m'mafupa a munthu wina wogwirizana nawo. Wotere amapezeka kawirikawiri mwa abale a bere limodzi. Malemu anatilembera makalata anayi, aliyense yake, kupempha kuti tikatengetse kabotolo kamodzi ka magazi ku Boma kuti akayeze. Analemba kuti woperekayo safa ndipo salumala, maselo ake amabwereranso pakatha masabata ochepa.

Tinakhala pansi anayi tonse, ndipo tinagwirizana kuti magazi a banja lathu sawoloka malire m'botolo. Ndine amene ndinayankhula kwambiri tsiku limenelo. Ndinkaopa zomwe mudzi unganene. Alongo athu anadikira yankho miyezi isanu ndi iwiri m'chipinda cha yekha, momwe ngakhale anamwino ankalowa atatseka pakamwa ndi pamphuno.

Mu Malichi 2022 mtima unandikana. Ndinakwera njinga yamoto kupita ku Boma osauza aliyense, ndipo anamwino ananditenga magazi. Sizinatenge ndi mphindi zisanu zomwe. Koma pa nthawiyo matenda anali atakula, thupi lawo silikanathanso kupirira chithandizocho. Mu Meyi anapempha kuti abwere kwawo. Nditawafunsa zotsatira, anandiuza kuti ndisadandaule, magazi athu sanagwirizane. Ndinapuma, ndipo ndikuvomera kuti mtima unapepuka.

Malemu anamwalira Lachiwiri pa 14 Juni 2022 m'nyumba mwawo, ali ndi zaka 52. Dzulo m'mawa, ndikufuna zovala zoti tiwaveke, ndinapeza kalata ya madokotala pansi pa sutikesi. Poti inali m'Chingerezi cha madokotala, namwino amene ankawasamalira kuno kumudzi anandiwerengera kawiri. Inalembedwa kuti maselo anga anagwirizana ndi awo kotheratu. Alongo anga anaidziwa nkhaniyi, naibisa kuti ine ndizigona tulo. Abale andipempha kuti ndisanene zimenezi pamaliro, koma mbiri ya munthu sitiwerenga kawiri.

Malemu asiya alongo awo atatu, ine, a Anock ndi a Justin, komanso mng'ono wawo mayi Agnes, tonse amoyo ndi athanzi.

Banja likuthokoza abusa ndi amayi a mpingo, achinyamata amene akumba manda, komanso anzawo a kuntchito amene anawagwira dzanja kutali komwe ife sitinafike. Tikuthokoza mwapadera namwino uja, mayi Bessie Kamwendo ochokera ku Ntcheu, mlendo kuno, amene yekha ankakwera phiri lino kudzawasambitsa. Nonse mwadzaza bwalo lino lero, zikomo kwambiri, yewo chomene, ndagha. Malemu akanakondwa kukuonani ochuluka chonchi pakhomo pawo.

Alongo anga, munandipempha kabotolo kamodzi, ndipo ndinabwera nako mochedwa. Pepani. Mzimu wanu uuse mu mtendere.