Amuna Anga Anali Loya wa Antchito

Akuwailesi, mundiwerengereko nkhani yangayi. Nthawi ya chipani chimodzi, amuna anga anali loya woimira antchito ochotsedwa mopanda chilungamo, komanso khansala ku Kasupe. Osauka ankawathandiza ulere.

Tsiku lina anavomera kuimira mlonda amene anachotsedwa pa esiteti ya fodya ya mkulu wina wachipani. Mlandu usanalowe m'khoti, apolisi anadzawatenga pamsonkhano wa khonsolo masanasana, makhansala anzawo atangoti zyoli. Mpaka lero manda awo sindiwadziwa.

Patapita miyezi ndinakumana ndi mlonda uja pamsika wa Balaka. Nditamupatsa moni, anayang'ana uku ndi uku.

"Iyayi mayi, musandiimitse. Ndili ndi ana."

Sindinamukwiyire. Nanenso ndinali nditawaletsa ana anga kutchula dzina la bambo awo kusukulu.