Tsiku Limene Atsikana Anamasula Zitenje Pamsika

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, landirani moni m'dzina la Yesu. Aleluya! Iyayi, mwayankha ngati simunadye. Aleluya!

Ndikufuna kuchitira umboni. Mumandiona ndimakhala kumbuyo uko, pafupi ndi khomo, ndipo pemphero lomaliza lisanathe ine ndatuluka kale. Ena mumati mayi aja ndi onyada. Si kunyada, abale anga, ndi mantha. Chigulu cha anthu ndimachiopa ine, ndipo manthawa ndakalamba nawo.

Zinayamba ndili Fomu 3 kusekondale konkuno ku Balaka, nthawi ya chipani chimodzi. Ndinkasewera mpira wamanja. Musandione thupili lero, ndinali womwetsa zigoli ine! Achinyamata mvetsetsani, masiku amenewo mkazi sankaloledwa kuonetsa mawondo. Kasiketi kosewerera kankathera m'bwalo momwemo. Wezulo yomaliza ikangolira, aliyense ankathamangira chitenje chake.

Tsiku lina tinakasewera ku Utale, tinapambana. Koma mnzanga Asiyatu, mwana wa msodzi wa kunyanja ya Chiuta, anagwa n'kung'ambika bondo, magazi chuchuchu. Ndinang'amba chitenje changa n'kumumanga. Zigoli zili m'mutu, ndinaiwala kuti ndatsala ndi kasiketi kokha. Ndinathamangira pamsika kukagula nzimbe lole yathu isananyamuke.

Ndinangomva dzanja pakhosi. Anali anyamata a chipani, aja ankaima pamsika kufunsa makadi. Dzina limene ananditcha sindingalitchule m'nyumba ya Mulungu. Mbama yoyamba inandigwetsera pamulu wa tomato. Kenako zikoti. M'ntchafu, m'mawondo, kumsana, m'ntchafu kachiwiri, mpaka khungu linang'ambika. Wina akukuwa, "Ukufuna kuonetsa miyendo? Ionetse bwino tsopano!" Nditatchinga nkhope, mmodzi anaponda mkono uwu ndi jombo. Ndinalimva fupa likuthyoka, abale, ndinalimva ndi makutu angawa.

Msika wonse unaima n'kumaonerera. Amayi ogulitsa tomato anangoyang'ana pansi. Sindikuwanena ayi, ndani akanatsegula pakamwa masiku amenewo? Mumtima ndinati, Ambuye, ndafa ndili maliseche pamaso pa anthu.

Aphunzitsi athu a masewera ankatikalipira tsiku ndi tsiku m'bwalo kuti, "Mnzako akazingidwa, usaime n'kumamuyang'ana. Thamangira pomwe angakuone!" Ife tinkayesa akunena za mpira basi.

Ndili pansi pomwepo ndinaona bondo lomangidwa ndi nsalu yanga. Asiyatu, akutsimphina, timu yonse ili pambuyo pake. Mwana wachisilamuyu, amene bambo ake anachita kupemphedwa kuti amulole kusewera, anamasula chitenje chake n'kundifunditsa. Anati, posakaniza ndi Chiyao, "Ngwamba, iyayi! Ngati mlandu ndi mawondo, nawa anga. Timenyeni tonse!" Enawo nawonso anamasula zawo, zitenje zonse pathupi langa, iwo n'kundizungulira atagwirana manja.

Mukuganiza anawasiya? Anawakwapula. Asiyatu anamumenya chibakera pakamwa, dzino linagwera m'fumbi. Analavula magazi, osasuntha. Palibe anathawa, palibe! Ndiye amayi a tomato aja anayamba kulira mokuwa ngati pamaliro, msika wonse n'kulandira. Anyamata aja anayang'anana, n'kuchoka akutukwana.

Mkonowu unapola mokhota, onani. Sindinaponyenso mpira. Ndipo Satana ndi wochenjera, abale. Zaka zonsezi ankandikumbutsa jombo ija ndi maso a anthu oonerera, zitenje zija n'kundibisira.

Mwezi wathawu mdzukulu wanga Tadala anasankhidwa m'timu ya kusukulu kwawo. Ndinati, m'nyumba muno za mpira iyayi. Analira, nandiumiriza kuti ndimuuze chifukwa chake. Ndinamufotokozera zonse kuti achite mantha. Mwana uja maso anangoti mbee, akuti, "Agogo, timu yanu inali yoopsa bwanji! Inenso ndikufuna anzanga otero."

Ndinakhala pansi n'kulira, kulira kwenikweni. Ine ndinkati Mulungu anandisiya ndekha pamsika paja. Sanandisiye ayi! Anabwera akutsimphina, anabwera ndi timu yonse, ine osamuzindikira.

Loweruka lapitali ndinapita kubwalo kukaonerera Tadala. Ndinalowa pakati penipeni pa chigulu, ndinalowa ndithu. Atamwetsa chigoli, mkono wokhotawu unakwera wokha.

Zikomo Yesu, zikomo Mbuye wanga. Zikomo chifukwa cha Asiyatu, kulikonse komwe ali ndi mpata wake wa dzino losowa. Abale, mnzanu akazingidwa, thamangirani pomwe angakuoneni.

Tsopano kondwerani nane! Amayi, nthungululu ili kuti? Zitenje zokha musamasule, abusa ali pano. Imbani m'manja, dzukani tivine! Ndipo mpando wakukhomo uja, amene akuufuna atenge, ine lero ndikhala kutsogolo kuno.