Duku langa ndi kachitsulo ka a Dankeni

Chaka chimene tinasiya mapaundi n'kuyamba makwacha, pakhonde lino panakhala mlandu. Analipo achimwene anga a Sitima monga nkhoswe, analipo mwana wanga Esinati maso atatupa ndi kulira, ndipo analipo amuna ake a Dankeni, agogo anu omwewa, atabisala kuseri kwa nkhokwe, chifukwa kale mkamwini sankaonetsana nkhope ndi apongozi, osati lero mukudyera nawo mbale imodzi. Amene sanabwere ndi nkhoswe ya a Dankeni, amalume awo a ku Songani, akuti njinga inaphwa. Mpaka lero sinapopedwe.

Siyani kutafuna mpungawo, mumve.

A Dankeni ankagwira ntchito ya zitsulo ku Bulantaya, ndipo anabwera patchuthi ndi kachitsulo konga batani la jekete, akuti anakapanga kuchokera ku ufa wa chitsulo, kuupanikiza m'makina n'kuuwotcha mpaka utagwirana. Abwana awo anati akasalalitse ndi manja kuti akakaunike pa makina okuza tinthu ting'onoting'ono, aone timabowo ta m'kati, ndipo kakakhala bwino awakweza pantchito.

Tchuthi chonse bambo wamkulu ali chogwada, kukhula kachitsulo pa sandipepa wonyowa, wokhakhala kaye, kenako wosalala, kenako wosalala kuposa pamenepo, anzawo ali kudimba kuingitsa mbalame. Pomaliza panafunika nsalu yofewa. Ine ndinali ndi duku la veleveti, limene malemu amuna anga anandigulira ku Halale, la kutchalitchi lokha. Pakuti sakanatha kundipempha okha, anatuma Esinati.

"Amayi, akuti angopukutira kamodzi."

Kamodzi! Analikhomera pathabwa ndi misomali, ana inu, n'kulipaka phala loyera. Ine kuona, koma mwambo wanditseka pakamwa.

Kachitsulo kanawala ngati kalilole. Kenako anakadonthezera asidi kuti za m'kati zikaoneke, kanachita mbuu, iwo n'kukaika pawindo, ulendo ku Naisi kukameta. Mkazi wawo osamuuza kanthu, poti amati za ntchito akazi sangazimve. Esinati ndinamulera ine, chitsulo chothimbirira sichigona m'nyumba mwake. Anakatenga pamodzi ndi mapoto kupita nako ku mtsinje wa Domasi, n'kukakwecha ndi mchenga ndi phulusa mpaka manja kuwawa.

Atabwerako anakapereka atagwada. "Bambo, kanada kaja ndakutsukirani."

Mfuu wa a Dankeni anaumva a kutsidya. Kachitsulo konse mikwingwirima, timabowo tatsekeka, ndipo a Dankeni anamanga katundu, akuti banja latha. Ndiye mlandu uja.

Achimwene anafunsa molunjika ku nkhokwe, "Akamwini, munamuuza kuti kuthimbirirako n'kofunika?"



Ine ndinalankhula ndikuyang'ana mtengo wa papaya, kuti mwambo usasweke. "Achimwene, auzeni a kuseriko kuti mwana wanga watsuka monga ndinamuphunzitsira. Akafuna kupita apite, koma duku langa alisiye mmene analipezera."

Nkhokwe inatsokomola. "Auzeni amayi kuti lili ndi mabowo."

"Ndiye akhale mpaka atagula lina."

Anamasula katundu. Anayambanso kukhula, Esinati akuwathirira madzi, iwo akumufotokozera chilichonse ngati mwana wasukulu, ndipo duku lomwelo analikhomeranso kumbali inayo. Pantchito anawakweza, banja ndi lomwe mwatulukamo inuli.

Ndiye mukadzakwatira, muuzeni mnzanuyo chimene mwaika pawindo, musadzamulize chabe.

Koma zanga sizinathe. Sandipepa wotsala ndinasalazira mipini, za ameneyo palibe mangawa. Thabwa linali chitseko cha khola langa, sanabweze. Duku sanagule. Lero akamwini onse amapereka moni wa m'manja, koma a Dankeni okha, ndi imvi zawo, akandiona panjira amakhotera m'chimanga. Akuti ndi ulemu. Mukawauze kuti lakuda, la veleveti, ndipo ndikufuna ndilivale ndili moyo.