Mbiri ya Mayi Bernadetta Likoswe, Oyeza Kuwala kwa Nyenyezi

Malemu mayi athu, a Bernadetta Likoswe, anabadwa pa 9 Ogasiti 1968 ku Chikweo, m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Pulayimale anaphunzira komweko, sekondale ku Zomba, ndipo mu 1990 anamaliza maphunziro a uphunzitsi.

Pa 6 Juni 1992 anamanga ukwati woyera ndi bambo Feston Likoswe ku Balaka, nakhazikika kwa Nsamala. Kumeneko anaphunzitsa masamu ndi sayansi zaka zoposa makumi atatu.

Mu 2016 anabwerako ku msonkhano wa aphunzitsi ndi laputopu komanso ntchito yachilendo, yoyeza kuwala kwa nyenyezi. Zithunzi zinkachokera ku makina oonera kumwamba a maiko akunja, iwo n'kumazitsegula pakhonde akaweruka. Pulogalamu ya pakompyuta imazunguliza nyenyezi ndi kamzere, n'kuwerenga kuwala kuli m'katimo, n'kuchotsapo kuwala kwa thambo. Mayi anawonjezerapo gawo lawolawo, lonena kuti nambala yotulukayo ingaphonye ndi mlingo wotani. Ankati nambala yosanena pamene ingaphonye ili ngati thumba la chimanga loyeza ndi maso. Bambo ankawaseka kuti kwa Nsamala konse ndi iwo okha amene anakwatira mkazi wowerenga nyenyezi dzuwa lili paliwombo. Mayi ankayankha kuti bola iwo, ena amawerenga zigoli za timu yosapambana.

Mu 2022 miyeso yawo inaonetsa kuti nyenyezi ina ikuchepa kuwala. Anzawo a m'gulu la oyeza nyenyezi, ochokera m'maiko asanu, anawayamikira ndi kulemba dzina lawo monga otulukira zimenezi. Kusukulu kunaphedwa mbuzi.

Mu Malichi chaka chino, atayamba kale kudwala impso, anabwereza masamu awo napeza cholakwa. Thambo nalo siliwala mofanana pachithunzi, ndipo kusiyanasiyana kumeneko iwo sanakuwerengere. Choncho pulogalamu inkaonetsa ngati miyeso ndi yodalirika kuposa mmene inalili, ndipo kuchepa kwa kuwala kwa nyenyezi ija mwina sikunali koona. Palibe wina anali atazindikira. Akanangokhala chete, ulemu uja ukanakhalabe wawo. Masiku awiri ankangoisisita laputopu ili chitsekere pamiyendo.

Pa 2 Epulo, ali chigonere m'chipatala, osathanso kulemba okha, anauza mwana wawo woyamba, a Lukiya, kuti alembe kalata kwa gulu lonse. A Lukiya anafuna kufewetsa mawu, kuti pulogalamu ndiyo inalakwitsa. Mayi anati iyayi, pulogalamuyo sinadzilembe yokha, alembe kuti wolakwa ndi Bernadetta, ndipo masamu amene iwo anali atawakonza kale awaike pansi pa dzinalo. Patapita masiku anayi yankho linafika: anzawo anayezanso, nyenyezi ija sinasinthe, ndipo onse ayamba kugwiritsa ntchito gawo lokonzedwalo. Mayi anaseka mpaka kutsokomola, napempha tiyi wamkaka, namwa kapu yonse, koyamba m'sabata imeneyo.

Anatisiya pa 9 Epulo 2025, m'mawa, bambo ali pambali pawo.

Asiya amuna awo, ana atatu, a Lukiya, a Goodwin ndi Tikondane, komanso zidzukulu zinayi. Banja likuthokoza anamwino amene anawasamalira, amayi a mphakati amene sanatope kudzapemphera nawo, aphunzitsi anzawo, adzukulu amene akonza nyumba yawo yomaliza, ndi inu nonse mwasiya ntchito zanu kudzatipepesa.

Mayi, zanu mwasiya mutakonza. Usani mumtendere wa Ambuye.